Ulusi wa Achemwali

M'shopu ya matelala ija munali lamulo limodzi lomwe ngakhale wobwera dzulo ankalidziwa: chovala chikachoka pamakina sichikhalanso ndi mwini. Ukamaliza kabudula umamuponya pamulu pakati pa chipinda, basi, kabudulayo wasanduka wa gulu. Wosita ankatola pamulupo, kusita, kupinda, ndipo mwezi ukatha zomwe zalowa ankagawana mofanana, wothamanga ndi wokwawa yemwe. Atcheya, bambo wa ndevu za imvi amene anayambitsa gululo atachotsedwa ntchito kufakitale, ankati kachitidwe kameneka dzina lake ndi sosholizimu, ndipo asanalitchule dzinalo ankayamba akonza kaye kukhosi. Ena onse ankangoti mulu.

Mphenzi poyamba ankaukonda muluwo. Dzinali anam'patsa chifukwa cha mwendo wake: akaponda makina tebulo lonse linkanjenjemera, ndipo anzake asanamalize kolala iye amakhala ataponya kale malaya athunthu. Anachokera kufakitale ya tsidya la msewu, kumene belu ndi lomwe linkakuuza nthawi yopita kuchimbudzi, kapitawo ali chilili kumsana kwako. Kumeneko ankalipira bwino, tisanamizane, koma ukadwala pang'ono umakapeza pampando pako pali wina. Amene anam'tulutsako ndi achemwali ake, omwe anamulera mayi awo atamwalira, omwenso anam'phunzitsa kugwira singano akadali kamwana ka mamina. Achemwaliwo ankakhala pawindo, pa makina akuda akalekale, okhawo m'shopumo omwe sanali a gulu. Anali mayi wa mawu ochepa, wodziwika kuti diresi la ukwati akalisoka iwo, mkwatibwi amaoneka ngati anabadwa nalo.

Chomwe chinadetsa mtima wa Mphenzi ndi a Mawa. A Mawa anali bambo wonenepa, wosekaseka, wokondedwa ndi aliyense kupatula amene ankakhala naye moyandikana. M'mawa ankayamba ndi kuthira mafuta makina, kenako kuwapukuta, kenako kufotokoza za mpira wa dzulo mpaka tiyi afike. Dzuwa likamapendeka ankasoka thumba limodzi, kuliyang'ana mwachikondi ngati khanda, n'kunena kuti, "Zotsalazi mawa, ntchito sithawa." Mwezi ukatha ankatambasula dzanja, n'kulandira gawo lofanana ndi la Mphenzi, n'kuthokoza Mulungu mokweza mawu. Mphenzi ankabwerera kunyumba msana ukuyaka moto, mapazi atatupa, ndipo zinkamuwawa. Zinkamuwawa kwambiri.

Ndiye kunabwera tsoka. Sukulu yomwe inkawapatsa ntchito yaikulu ya mayunifolomu inabweza katoni yodzaza. Makabudula misoko yake inali yokhota, ena mwendo umodzi wautali, ena matumba atasokedwa pakamwa. Aphunzitsi aakulu anatumiza mawu akuti zikachitikanso ntchitoyo ipita kufakitale. Atcheya anakhuthulira katoniyo pansi n'kufunsa kuti wasoka izi ndani. Aliyense anayang'ana makina ake. Mulu ulibe dzina, ndiye ukanamugwira ndani?

Tsiku limenelo pobwerera kunyumba Mphenzi anadutsa pakhonde la sitolo ya misomali ndi penti, pomwe pankakhala Ndekha. Ndekha anali telala amene anachoka m'gulumo kalekale atakangana ndi Atcheya, ndipo dzina lakelo linali mawu omwe anatsanzikira nawo.

"Mphenzi, nkhope imeneyo ndi ya munthu wodyetsa amuna a eni," anatero Ndekha, mapini ali kukamwa.

"Musandiyambe, a Ndekha. Lero si tsiku lake."

"Ine pano palibe tcheya, palibe bwana, palibe msonkhano. Ndikasoka ndadya. Ndikagona, ndagona ndi njala yanga, sindinamizira munthu. Mwendo ngati wakowo ukanakhala wanga, bwenzi pano ndikuyendera galimoto."

"Nanga mukadwala?"

"Ndikadwala ndadwala ine. Ufulu ndi umenewo, mlongo wanga. Uli ndi minga, koma ndi minga yanga."

Mphenzi sanafune kuchoka m'gulu. Pakhonde paja panali fumbi, ndipo mvula ikagwa Ndekha ankaphimba makina ndi pepala n'kumathawira m'sitolo ya eni. Koma mawuwo anam'tsatira mpaka kunyumba, ndipo pofika pamsonkhano wa gulu anali ali ndi nzeru yake m'mutu.

Anaimirira asanapatsidwe mpata. Anati aliyense akhale ndi ulusi wa mtundu wake, ndipo akamaliza chovala azimangirira kamfundo ka ulusiwo m'kati, pamene mwana wasukulu sangakaone. Mwezi ukatha munthu azilandira molingana ndi zomwe wasoka, ndipo chovala chikabwezedwa chizipita kwa mwini ulusi. Polankhula maso ake anali pa a Mawa, omwe ankamwetulira ngati nkhaniyo ikukamba za dziko lina.

"Mwana wanga," anatero Atcheya, "tinathawa kufakitale kuti tisamawerengane zala. Lero ukufuna fakitale ilowe muno kudzera pa diso la singano?"

"Atcheya, kufakitale amatidyera bwana. Muno akutidyera mnzathu. Msana wanga sukuona kusiyana."

"Mutu umodzi susenza denga."

"Inde, koma ena alowa pansi pa dengali kudzangobisala dzuwa."

Anthu anaseka, ngakhale a Mawa anaseka nawo. Atcheya anatsegula pakamwa ngati ali ndi china choti anene, anayang'ana chakuwindo, n'kutsekanso. Kuwindoko achemwali anali atapinda manja pamiyendo. Ananena motsitsa mawu kuti, "Iwe, khala pansi." Mphenzi anawamva, koma mawu amenewo anali akuwamva chiyambire ubwana wake, pamaliro, paukwati, paliponse pomwe iye watsegula pakamwa. Sanakhale pansi. Atafunsa kuti akugwirizana nazo ndani, mikono inakwera yambiri, ndipo Atcheya anagonja, poti lamulo lomvera ambiri analiika ndi iwo omwe.

Mphenzi anatenga ulusi wofiira. A Mawa anatenga wobiriwira. Achemwali anapatsidwa wachikasu, womwe unatsala.

Zomwe zinachitika pambuyo pake, akanakuuzani munthu wina mukanati ndi bodza. A Mawa anafika m'mamawa shopu isanatsegulidwe, n'kudikira pakhomo. Za mpira zinatha, tiyi ankamwa makina akuyenda, ndipo zinadziwika kuti bambo uja anali telala woopsa, wa msoko wowongoka ngati wajambulidwa ndi rula. Zaka zonsezo luso linali phee m'thupi lonenepalo, likudikira kuti liitanidwe ndi dzina. Enanso anadzuka. Ntchito yomwe inkatenga mwezi inkatha mwezi usanafike pakati, asukulu anatumiza mawu oyamikira, ndipo sukulu ina inabwera yokha kudzafunsa. Mphenzi ankayenda mapewa ali m'mwamba. Anali atanena zoona, ndipo aliyense ankaona kuti ananena zoona.

Koma m'shopumo munazizira. Kale makina a munthu akavuta, mnzake ankasiya zake n'kubwera ndi sikuludiraiva. Tsopano ankangoti, "Ndikubwera," mwendo ukupondabe. Sizasi yabwino anthu anayamba kuibisa pansi pa nsalu. Mphenzi anaziona zimenezi n'kudziuza kuti walira mvula walira matope, zidutsa.

Tsiku lina masana anapita kwa wosita kukafuna madzi akumwa. Wosita anali mayi wamtali, wosanyengerera mawu, ndipo pansi pa tebulo lake ndi pomwe pankakhala dengu la zovala zolakwika. Dengulo linali lodzaza. Mphenzi anatola kabudula mmodzi akuseka mumtima, poganiza kuti liwiro la a Mawa layamba kuwagwetsa. Anatembenuza m'kati. Kamfundo kachikasu. Anatola wina, kenako wina, mpaka anafika pansi pa dengu, ndipo wobiriwira sanamupeze.

"Zikutheka bwanji?" anafunsa. "Wina akuba ulusi wa achemwali."

Wosita anaimika simbi. "Palibe akuba ulusi. Maso a achemwali ako anayamba kuvuta kalekale. Amaona ngati muli utsi."

"Bodza limenelo."

"Katoni ija inabwezedwa ndi sukulu ukuyesa anasoka ndani? Kale ndikatola chokhota pamulu ndinkapereka kwa Atcheya kapena kumasula ndekha, wina n'kusokanso mwakachetechete. Nthawi ija ntchito inachuluka, zina zinatipulumuka. Tsopano ndani angasiye ulusi wake kuti akonze wa mnzake?"

"Ndiye bwanji simunandiuze?"

"Anatiletsa eni ake. Komanso iwe ukanaona wekha ukanadzutsako mutu pamakinapo." Wosita anatenganso simbi, n'kuisiyanso. "Usandiyang'ane choncho. Inenso ndinakweza mkono tsiku lija. Ndinatopa kumasula misoko ya eni, ndili ndi ana anga."

Anthu ena onse anali atapita kokadya, koma achemwali anali pawindo paja, akusoka. Mphenzi anakaima kumbuyo kwawo, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri anawayang'ana akugwira ntchito. Nkhope anaiyandikiza pafupi ndi singano mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza chitsulo. Chala cha kumanzere chinkayenda patsogolo pa nsalu, chikufufuza m'mphepete ngati munthu wofufuza khomo mumdima. Mphenzi anachita mantha, kenako manyazi, manyazi aakulu otentha kumaso.

"Achemwali."

"Ndakumva kale mapazi. Waima ngati kapitawo bwanji?"

"Bwanji osandiuza?"

Makina anaima. "Ndikuuze kuti utani? Undiberekere kumsana? Kuchipatala akuti ndi ng'ala, akuti ndidikire nthawi yanga, anthu ndi ambiri. Ndikudikira."

"Ine ndimafuna a Mawa, achemwali. Sindimadziwa."

"Ndikudziwa kuti sumadziwa. Khoswe anali pamkhate, iwe unangoona khoswe." Anaponda makina kachiwiri. "Pita ukadye."

Pamsonkhano wotsatira Mphenzi anaimiriranso, koma ulendo uno mawu ankatuluka ngati akuwakoka ndi chingwe. Anapempha kuti ulusi uthe, abwerere kumulu. Amene anayankha ndi a Mawa, ndipo sanali kuseka.

"Mayi, ndinu munatiphunzitsa kuti aliyense adye thukuta lake. Ine ndinali m'tulo, munandidzutsa, zikomo. Pano ana anga avala nsapato. Lero chifukwa mwala wagwera pakhomo panu mukuti tigonenso? Tikabwerera kumulu, asukulu atithawa, ndiye tidzagawana mofanana njala."

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinkapweteka. Palibe anakweza mkono kumbali ya Mphenzi kupatula Atcheya. Kenako Atcheya anakonza kukhosi n'kunena kuti gulu silitaya munthu wake. Anati aliyense azichotsako pang'ono pa gawo lake, kuti amayi a pawindo asasowe kanthu. Makina asiye kaye mpaka maso achire. Azisesa, aziphika tiyi, azithandiza kupinda zovala. Anthu anavomera msanga, mosangalala, monga amachitira anthu akapeza njira yochitira chifundo popanda kutaya zambiri. A Mawa anati iwo achotsa kuposa ena.

Achemwali anaimirira pang'onopang'ono, n'kukonza mpango kumutu. Anathokoza Atcheya, anathokoza gulu lonse, aliyense ndi ulemu wake.

"Koma ine muno ndinalowa ngati telala," anatero. "Pamulu paja chovala changa chinkagona ndi zanu, chokhota kapena chowongoka, ndipo ndikalandira ndinkati ndalandira za ntchito. Mwina ndinkadzinamiza, koma ndinkagona tulo. Izi mukunenazi ndi mbale ya wopempha. Tsache ndili nalo kunyumba."

"Achemwali, chonde," anatero Mphenzi. "Ndizisoka ine, tizimanga ulusi wanu."

"Kuti ndizidya bodza lako? Ndinakulera kuti undichite zimenezo?"

M'mawa mwake anabwera ndi munthu wa wilibala. Makina akuda aja anatuluka pakhomo atagona chagada, miyendo yachitsulo ili m'mwamba, ndipo pawindo panatsala malo oyera pansi pomwe fumbi silinkafika. A Mawa sanadikire nthawi yaitali. Anakokerapo tebulo lawo, poti pawindo ndi pomwe pamawala bwino.

Mphenzi anayesa zonse zomwe mutu wake unam'patsa. Anawoloka msewu kupita kufakitale, kumene analumbira kuti sadzapondako, kukafunsa ngati pangapezeke kantchito kopepuka ka munthu wodziwa nsalu. Kapitawo anamulandira ndi mano onse. Anati iyeyo akafuna kubwerera mpando ulipo ngakhale lero, koma za mayi wamkulu wa maso ovuta, pepani, kuno si kuchipatala. Ananyamula ufa ndi sopo kupita nazo kwa achemwali, ndipo zinabwerera tsiku lomwelo, zitamangidwa bwinobwino mmene zinapitira. Gawo lake m'shopu linali lalikulu kuposa kale lonse, koma akalilandira ankangoliika m'chikwama osaliyang'ana.

Achemwali anakakhala pakhonde la sitolo ya misomali, pambali pa Ndekha. Ndekha anawasunthira malo ndi mtima woyera, n'kuwauza kuti pano palibe adzawalamule, koma kasitomala aliyense ndi wa amene wam'peza. Masiku oyamba anthu ankabwera, poti dzina la achemwali linali likadali ndi fungo la madiresi aukwati aja. Ankabwera kamodzi. Ulendo wachiwiri ankadutsa ndi kathumba kawo n'kukaima kwa Ndekha, maso ali kumbali, ndipo Ndekha ankalandira, nanga akanakana bwanji? Mphenzi ankadzera tsidya lina la msewu popita kuntchito, n'kumawaona atakhala mowongoka kumbuyo kwa makina, atavala bwino ngati akupita kutchalitchi, manja ali pa nsalu yopanda ntchito, fumbi la magalimoto likuwathira.

Tsiku lina analephera kupirira. Anatsegula sutikesi, n'kutulutsa diresi lake labwino la buluu, lomwe ankavala popita kumisonkhano ya makolo kusukulu. Anatenga sizasi n'kulidula m'mbali, kuchokera m'chiuno kutsika, kenako anakokakoka m'mphepete kuti muoneke ngati mwang'ambika. Analipinda n'kupita nalo pakhonde paja nthawi ya nkhomaliro.

"Mwaswera bwanji, achemwali?"

"Ndaswera. Kaya iwe, wa ulusi wofiira?"

"Ndaswera. Diresi langali lakodwa pamsomali m'minibasi. Ine nthawi ndilibe, ntchito yachuluka. Ndimati mundisokere, ndilipira ngati wina aliyense."

Achemwali analandira diresilo osaliyang'ana. Analiyala pamiyendo, n'kuyendetsa zala m'mphepete mwa bala lija, kutsika, kukweranso. Ndekha anasiya kuponda makina ake n'kuyamba kufunafuna chinthu chomwe sichinasowe.

"Msomali wa m'minibasi imeneyo ndi wakuthwa," anatero achemwali. "Umadula mowongoka ngati sizasi yako ija ya chogwirira chakuda."

Mphenzi anayang'ana kumbali. Misozi inayamba yokha, pamsewu, anthu ogula penti akudutsa.

"Diresi labwinobwino," anapitiriza achemwali. "Chifundo ndinachisiya m'shopu, iwe wanditsatira nacho mpaka pamsewu."

"Nanga nditani, achemwali? Ndiuzeni chochita. Kumulu akana, kufakitale akana, zanga mukukana. Nditani?"

Achemwali anayendetsanso chala pansalu paja. Nkhope yawo sinali yokwiya. Inali yotopa, ndipo Mphenzi akanakonda akanakwiya.

"Khala apo," anatero potsiriza, akuloza mpando wa makasitomala. "Ndisoka. Ulipira, poti wanena wekha. Koma umve bwino: mmene nditasokeremo ndi mmene ukavalire. Usakamasule usiku, usakapatse Atcheya, usakabise m'sutikesi. Ukavale kuntchito, anthu aone kuti telala wako ndi ndani."

"Ndikavala."

"Tiona."

Anaika nsalu pansi pa singano, anaweramitsa nkhope mpaka pafupi ndi chitsulo, n'kuponda. Poyamba msoko unayenda bwino. Utafika pakati unayamba kupatuka pang'onopang'ono, kusiya njira, kulowera m'kati mwa diresi, ukukoka nsalu kuti ichite makwinya. Mphenzi anaona. Dzanja lake linanyamuka lokha kuti likawongole nsaluyo, monga likanachitira dzanja la telala aliyense. Analibweza, n'kulikhalira pampandopo, manja onse awiri, ndipo anaonerera achemwali ake akusoka mpaka kumapeto.